Bornwell Mulimbika, Wogwira Kashembe

A Bornwell Mulimbika anayamba ntchito yogwira kashembe mu 1981, ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Kashembe ndi ntchentche ya m'tchire, yotuwa, yokulirapo pang'ono kuposa ya pakhomo. Amaluma ngati singano, ndipo ena mwa iwo amasiya matenda a kaodzera m'magazi a ng'ombe kapena a munthu. Masiku amenewo panali geti pa msewu waukulu wopita ku Chipata, pakati pa Rufunsa ndi Chinyunyu. Galimoto iliyonse yochokera kum'mawa inkaima pamenepo kuti isapitirire ndi kashembe kumadera a ng'ombe a kufupi ndi Lusaka. A Bornwell ankaizungulira atagwira kaukonde ka mpini waufupi, n'kumasuzumira kunsi, kuseri kwa matayala ndi pakati pa katundu. Akagwira kashembe ankamufinya, n'kulemba m'buku tsiku, nambala ya galimoto, ndiponso ngati anali wamwamuna kapena wamkazi. Kenaka mnzawo ankapopera mankhwala, mtengo wa pageti n'kukwezedwa.

Madalaivala sankaikonda getiyo chifukwa inkawachedwetsa. Mmodzi mwa iwo, a Cephas, amene ankayendetsa minibasi pakati pa Luangwa ndi Lusaka, sankadutsa osaponya mawu.

"Ba Mulimbika, mwapha angati lero? Mutisungireko ndiwo."

A Bornwell ankangotchula nambala yeniyeni, atatu kapena palibe, n'kupitiriza kuzungulira.

Anabadwira m'mudzi wina wa kumbali ya Mpanshya, ndipo sukulu analekezera Giredi 7. Anali munthu wamtali, wosalankhula kwambiri, wa dzanja labwino polemba. Mu 1984 anakwatira a Edness a ku Chinyunyu, n'kumanga nyumba m'mudzi wa kum'mwera kwa msewu, ulendo wapansi wa ola limodzi kuchokera pageti. Anabereka ana anayi. Woyamba anali Prudence, motero kumudzi ankawaitana kuti atate a Prudence.

Pageti pankakhala azimayi ogulitsa nthochi, mazira owiritsa ndi chakumwa cha munkoyo, chifukwa apaulendo ankatsika kuti awongole miyendo. Mmodzi mwa azimayiwo anali Lines wa ku Nyimba, amene ankakhala m'kanyumba ka kuseri kwa magolosale. Kwa zaka pafupifupi ziwiri, 1989 ndi 1990, a Bornwell ankapita kukanyumbako. Kenaka Lines anasamukira ku Lusaka, nkhaniyo n'kuthera pomwepo.

Geti inatsekedwa mu 1992, chaka cha chilala. Ogwira ntchito anapatsidwa makalata oti ntchito yatha. A Bornwell anabweza kaukonde ndi yunifolomu, koma mabuku akale palibe amene anawafunsa, choncho anawalongedza m'katoni n'kupita nawo kunyumba. Chimanga chawo chinauma chisanamasule, ndipo banjalo linapulumuka ndi ufa wachikasu wa thandizo monga mabanja ena onse. Kumayambiriro kwa chaka chotsatira, ali pamsika ku Rufunsa, mayi wina amene kale ankagulitsa pageti anawauza kuti Lines anamwalira ku Lusaka atadwala nthawi yaitali, ataonda mpaka kutsala mafupa okha. A Bornwell anapepesa monga momwe munthu amapepesera maliro a munthu wongomudziwa. Anagula mchere umene anadzera n'kubwerera kwawo, ndipo sanauze munthu aliyense.

Mu Juni 1993 pakhomo pawo panaima galimoto yoyera ya mayendedwe a m'tchire. Munatuluka mayi wovala thalauzi ndi nsapato za chinsalu, amene anati ndi Dokotala Harriet Silwimba, wofufuza za kaodzera, pamodzi ndi bambo wamfupi wa magalasi, a Kingsford Zyambo, amene ntchito yawo inali yoyeza magazi.

"Ndamva kuti muli ndi mabuku a pageti," anatero a Silwimba.

Anakhala pa kampando pansi pa mtengo wa mango n'kuwerenga mabukuwo pafupifupi maola awiri. Atafika pa tsamba lina anaima.

"Mu Sepitembala 1987 pali masiku asanu ndi limodzi opanda kanthu. Kunalibe akashembe?"

"Ndinali kumaliro a amayi anga. Amene anatsala pageti sanalembe."

"Bwanji simunangodzazamo mutabwera?"

"Sindinawaone akashembewo."

A Silwimba anatseka bukulo n'kuwafunsa ngati angathe kuyenda m'tchire masiku asanu pa sabata.

Ofufuzawo ankafuna kudziwa ngati akashembe angachepetsedwe ndi nsalu zokha, popanda kupopera dziko lonse mankhwala, mpaka matenda ataleka kufika kwa anthu. Zida zinali za mitundu iwiri. Panali misampha, yosokedwa ndi nsalu yabuluu ndi yakuda ngati kahema, botolo lili pamwamba. Kashembe amakopeka ndi buluu, amatera pakuda, ndipo akamakwera kufuna kuwala amagwera m'botolo. Imeneyi inali yowerengera. Panalinso nsalu zongomangidwa pa zitsulo, zopoperedwa mankhwala, zoti kashembe akaterapo akafere patsogolo. Pambali pa chilichonse ankaika kabotolo ka mankhwala onunkha ngati mpweya ndi mkodzo wa ng'ombe.

A Bornwell anapatsidwa njinga, chikwanje, misampha makumi awiri ndi inayi ndi nsalu zoposa mazana awiri, zondandalikidwa m'mbali mwa kamtsinje kochokera kumapiri a kum'mwera. Pa masiku atatu aliwonse ankakhuthula mabotolo, kuwerenga ndi kulemba. Ankatchetcha udzu mozungulira zitsulo kuti moto wolusa usatenthe nsalu, ndipo ankadzutsa zimene anyani kapena mphepo zinagwetsa. Kamodzi pamwezi a Kingsford ankabwera kudzatenga akashembe ena kuti akawatumbule. Mwezi woyamba msampha umodzi unkagwira akashembe makumi anayi kapena kuposa. A Bornwell ankalumidwa tsiku ndi tsiku, pakhosi ndi pamsana kupyola malaya, ndipo anasiya kuziona ngati kanthu.

Vuto loyamba silinachokere kwa anyani. Nsalu zinayamba kusowa. Ina anaipeza itasanduka katani ya pachitseko, ina itasokedwa kabudula wa sukulu. Anthu anali atangotuluka m'chilala ndipo nsaluyo inali yolimba. A Bornwell sanakanene munthu kulikonse. Ankafika pakhomo, kupereka moni, kufotokoza kuti nsaluyo ili ndi mankhwala osayenera khungu la mwana, n'kupempha kuti abweze. Ena ankabweza, ena ankati anagula ku Lusaka. Pamapeto pake anatenga mpeni n'kucheka nsalu khumi, iliyonse mizere inayi kuchokera pamwamba mpaka chapakati, kuti telala asapezepo podula. Anaziyang'anira kwa milungu itatu n'kuona kuti akashembe akuterabe monga kale. Atawauza a Silwimba, iwo analamula kuti nsalu zonse zichekedwe chimodzimodzi. Kuba kunachepa.

Mu Ogasiti 1994 ofufuzawo anakonza zoyeza anthu magazi pabwalo la sukulu, kuti adziwe ngati alipo amene akuyenda ndi kaodzera osadziwa. Milungu iwiri tsikulo lisanafike, a Bornwell anayenda m'matchalitchi kulengeza. Ankatchula zizindikiro monga momwe a Silwimba anawalembera: chotupa pamalo olumidwa, kutentha thupi kobwerezabwereza, kutupa nkhope, kusintha khalidwe, kugona masana. Koma mphekesera inali itafika kale m'midzi, yoti magaziwo akukagulitsidwa kunja ndipo wotengedwa magazi amayamba kuuma. Tsikulo anthu anabweradi, n'kuima patali m'mithunzi. A Bornwell anapita patebulo n'kupereka chala kwa a Kingsford anthu onse akuona. A Edness anatsatira ndi ana. Mwa anthu pafupifupi mazana anayi amene ankayembekezeka, anayezedwa makumi asanu ndi limodzi. Ambiri anapezeka ndi malungo. Wa kaodzera sanapezeke.

Ofufuzawo anabwera komaliza chaka chimenecho Khirisimasi itayandikira, n'kunena kuti adzaonekanso mu Epulo, chifukwa m'nyengo ya mvula galimoto sinkatha kuwoloka kamtsinje. Masiku omwewo a Bornwell anatuluka chotupa kuseri kwa phewa lamanja. Chinali chouma, chotentha, chosatulutsa mafinya. A Edness anachithowa ndi madzi ofunda ndipo patapita milungu iwiri chinaphwa. Mu Januwale thupi linatentha. Anamwa mankhwala a malungo, anapezako bwino masiku asanu, kutentha n'kubweranso. Anamwa a mtundu wina, zinachitanso chimodzimodzi. Pofika kumapeto kwa Febuluwale lamba wawo anali atabooledwa mabowo awiri atsopano. Anasiya kupita kumisampha yakutali, kenaka ndi yapafupi yomwe. Tsamba lomaliza la m'buku lawo analemba mokhotakhota, manambala ena kawirikawiri. Munthu amene sanakalipirepo mwana anayamba kukalipa chifukwa cha nkhuku yolowa m'nyumba.

M'mudzi munali nkhani ziwiri. Ena ankati taonani, ndi uja anayamba kupereka chala, manje ayamba kumuumitsa. Ena ankati ndi kaliwondewonde, matenda amene zaka zimenezo ankadzaza manda m'mbali monse mwa msewu, ndipo ankakumbutsana kuti munthuyo anakhala pageti zaka khumi ndi chimodzi. Azimayi ena anasiya kudzapempha moto kwa a Edness.

Tsiku lina m'mawa mu Malichi, ana atapita kusukulu, a Edness anakhala pakhonde akusadzula chibwabwa, masamba a maungu, cha ndiwo zamasana. Amuna awo anali atatsamira khoma, atafunda bulangeti ngakhale dzuwa linali litakwera.

"Atate a Prudence, mawa tipite ku chipatala cha mishoni."

"Sindipita."

"Chifukwa?"

"Matenda anga ndikuwadziwa. Kumeneko akangowatchula dzina, basi."

"Atchuleni inuyo."

A Bornwell anafotokoza za Lines, mwatsatanetsatane ngati akuwerenga m'buku: zaka zake, kanyumba ka kuseri kwa magolosale, ndi uthenga umene anamva pamsika. A Edness anapitiriza kusadzula mpaka masamba anatha m'lichero.

"Za mayi wa nthochi ndinazidziwa kalekale," anatero. "Zoti anamwalira ndiye sindinamve."

Anakutumula chitenje chawo n'kupitiriza.

"Koma inu munaima m'tchalitchi n'kuuza anthu kuti munthu akatupa nkhope, akasintha mtima, akamagona masana, akayezetse kaodzera. Dzulo mwagona mbale ili pamiyendo."

"Ndi kufooka chabe."

"Nanga chotupa chija cha paphewa?"

A Edness atatembenuka anapeza kuti amuna awo agona, kukamwa kuli yasa.

Lamulungu kunabwera a Abel, akulu awo a Bornwell, kuchokera kumudzi kwawo. Atamuona m'bale wawo anaitanira a Edness kuseri kwa nkhokwe.

"Mulamu, uyu timutenge. Zikachitika, zichitikire pakati pa abale ake."

"Ndipatseni sabata imodzi, mulamu."

"Sabata imodzi isintha chiyani?"

"Sindikudziwa. Ndipatseni."

A Abel anavomera, ngakhale sanasangalale nazo. Tsiku lomwelo a Edness anang'amba pepala m'buku la misampha n'kulemba ndi pensulo: "Kwa a Dokotala Silwimba. A Mulimbika adwala miyezi itatu. Akugona masana. Akukana chipatala. Bwerani ndi makina oonera magazi. Ndine mkazi wawo, Edness." Adiresi anaikopera pa envulopu yakale. Lolemba m'mawa anayenda mpaka pa msewu waukulu n'kumaimitsa magalimoto opita ku Lusaka. Mabasi awiri anadutsa osaima. Yachitatu inali minibasi ya a Cephas, amene tsopano anali atalowa mpingo wa Pentekosite ndipo galasi lakumbuyo linali ndi vesi. Anamvetsera injini ikulira, apaulendo akudandaula.

"Ba Mulimbika a pageti aja?"

"Omwewo."

"Ku positi ichedwa, amai. Bweretsani, ndikapereka ndekha."

Lachinayi masana a Kingsford anafika wapansi, matope mpaka m'maondo, atasenza bokosi lathabwa. Galimoto anaisiya tsidya lina la kamtsinje. Anapereka moni kwa wodwala, amene anawayang'ana ngati munthu amene anamuonapo kwinakwake. Anapempha tebulo, analiika pabwalo padzuwa, n'kutulutsa maikulosikopu yawo, imene inali ndi kagalasi kunsi kotengera kuwala kwa dzuwa. Anabaya chala, anadonthetsa magazi pa kagalasi kena n'kuwerama. Anthu oyandikana nawo nyumba anayamba kusonkhana kumpanda. Sipanathe mphindi zisanu.

"Amai, bwerani muone. Tsinzinani diso limodzi."

A Edness anawerama. Poyamba anangoona kuwala. Kenaka anaona timipira tofiirira tambirimbiri, ndipo pakati pake tinthu tating'ono tatitali tikuvinyuka, tikukankha timipirato uku ndi uku.

"Ndi chiyani?"

"Ndi kaodzera. Tinyamuke lero lomwe."

"Amachira?"

"Ambiri amachira."

A Bornwell sanafunsidwe maganizo. Amuna anayi anawanyamula pa machira a matumba mpaka kuwoloka kamtsinje. Ku chipatala cha mishoni anawatenga madzi a mumsana ndi singano yaitali, ndipo anapeza kuti tizilombo tafika kale ku ubongo. Mankhwala a matenda ofika pamenepo sankasungidwa pafupi, choncho a Silwimba anabwera nawo okha kuchokera ku Lusaka patapita masiku atatu. Dokotala wa pachipatalapo anawauza a Edness mosabisa kuti mankhwalawo ndi aukali, ndipo mwa anthu makumi awiri olandira, mmodzi amafa ndi mankhwala omwewo, koma wosalandira sapulumuka. A Edness anasaina.

Anakhala m'chipatala milungu isanu ndi umodzi. Jakisoni ankaperekedwa mumtsempha masiku atatu otsatizana, kenaka sabata yopuma, kenaka atatu ena. A Bornwell pambuyo pake ankati zinkamveka ngati munthu akukuthira madzi owira m'kati mwa mkono. A Edness ankagona pansi pambali pa bedi, ndipo ana anali ndi azakhali awo. M'sabata yachitatu wodwalayo anadzuka m'mawa n'kufunsa kuti ndi tsiku lanji. Atauzidwa anawerengera pa zala n'kunena kuti misampha yakhala masiku makumi asanu ndi limodzi osakhuthulidwa.

Asanatuluke, sisitere wina wa anamwino anawafunsa onse awiri ngati angafune kuyezetsanso matenda enawo, kaliwondewonde uja, popeza ndiwo anawachedwetsa kubwera. A Bornwell anayang'ana pansi. A Edness anati, "Tiyezeni. Ndatopa ndi kuganiza." Anabwerera patapita milungu iwiri kudzamva zotsatira, ndipo onse awiri analibe kachilomboko. Pobwerera, atatsika minibasi, a Edness anayenda patsogolo njira yonse. Atayandikira mudzi anaima n'kudikira.

"Mukanafa ndi matenda ochizika chifukwa cha manyazi," anatero. "Ine ndikanatsala ndi ana anayi ndi dzina la matenda amene ndilibe."

A Bornwell anati ndi zoona. Atatha kukolola, a Edness anatenga mwana wamng'ono n'kupita kwa amayi awo ku Chinyunyu, osanena tsiku lobwerera. Anakhalako miyezi iwiri. Anabwerera osaitanidwa tsiku lina Loweruka atasenza thumba la mbatata, ndipo za Lines sizinatchulidwenso m'nyumbamo.

Mu Ogasiti 1995 kuyeza magazi kunabwerezedwa pabwalo lomwe lija la sukulu. A Silwimba anapempha a Bornwell kuti alankhule. Iwo anaimirira atagwira ndodo, chifukwa miyendo inali isanalimbe.

"Mwandiona ndikunyamulidwa," anatero. "Ena munati andiumitsa, ena munati ndi kaliwondewonde. Inenso ndinkaganiza zanga. Anali kaodzera. Zizindikiro zonse ndinkazidziwa, koma pa thupi langa sindinazione. Munthu sangadziyeze yekha ndi maso."

Anakhala pansi. Tsiku limenelo ndi lotsatira lake anayezedwa anthu oposa mazana atatu, ngakhale ena anadzera kudzangoona munthu amene anamuyesa wakufa. Atatu anapezeka ndi kaodzera. Awiri, mayi wina ndi mdzukulu wake amene ankalima dimba kumtsinje, anali asanadwale kwenikweni, ndipo anachira msanga. Wachitatu anali a Obby, wootcha makala, amene anali atadwala kale miyezi ingapo akumamwa mankhwala a zitsamba. Anakwera galimoto ya ofufuza ndi miyendo yawo, koma matenda anali atapita patali, ndipo anamwalira patatha masiku khumi ndi awiri.

Abale a Obby ananena kuti munthu wawo anapita akuyenda ndipo wabwera ali m'bulangeti. Sabata yomweyo nsalu zisanu za kumtunda kwa mtsinje zinatenthedwa ndipo misampha iwiri inaphwanyidwa. A Bornwell anapita kumaliro. Anakhala kumbali ya amuna, palibe amene anawapatsa mpando, ndipo anakhala pa chitsa mpaka mwambo unatha. Sanafotokoze kanthu, chifukwa palibe anafunsa. Patapita mwezi anakamanganso nsalu pa zitsulo zomwe zija. Ziwiri zinatenthedwanso, anamanganso, ndipo ulendo wachitatu zinasiyidwa. Komabe m'midzi ya kumtundako anthu sanabwerenso kudzayezetsa mpaka kafukufuku anatha.

Ntchito ya misampha anaiyambiranso pang'onopang'ono. Mkono wamanja unatsala wouma pamene pankalowa jakisoni, mitsempha ili gwa ngati zingwe, choncho anaphunzira kutchetcha ndi wamanzere. Mayina a anthu ankawathawa nthawi zina, koma manambala ayi. Pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ankapita kuchipatala kukatengedwanso madzi a mumsana, kwa zaka ziwiri, ndipo sanaphonyepo. Pofika pakati pa 1996 misampha yambiri inkagwira kashembe mmodzi kapena awiri pa masiku atatu, ina osagwira konse. A Silwimba anawaonetsa pepala lokhala ndi mzere wotsika kuchokera pamwamba kumanzere mpaka pansi kumanja, n'kunena kuti mzerewo wachokera m'mabuku awo. Panali mpata pakati pake, kuyambira Febuluwale mpaka Juni 1995.

Kafukufuku anatha mu 1997. Ofufuzawo anatenga misampha ndi mabuku, n'kuwasiyira a Bornwell njinga ndi mpukutu umodzi wa nsalu. Kunamveka kuti boma lidzapitiriza ntchitoyo, koma m'zaka zimenezo palibe anabwera. A Bornwell anapitiriza kutchetcha mozungulira zitsulo ndi kusintha nsalu zong'ambika kwa chaka china, ngakhale mankhwala opopera analibe. Mpukutu utatha analeka. Nsalu zotsala zinasuluka ndi dzuwa, ndipo zitsulo anthu anazizula n'kupangira makasu ndi zitseko za makola.

Anthu ena anayamba kubweretsa ng'ombe m'deralo, chinthu chimene sichinkachitika kale. A Abel anagula ziwiri ku Chongwe. Imodzi inafa mvula yoyamba, ina inakhala n'kubereka. Nthawi yomweyo ootcha makala anali akugwetsa tchire kuchokera kumsewu kulowera kumapiri, ndipo kumene mitengo yatha kashembe sakhalako. Anthu akawafunsa a Bornwell ngati ndi nsalu kapena ndi nkhwangwa zimene zinathamangitsa akashembe, ankati za 1993 mpaka 1997 angayankhe chifukwa anawerenga, koma za pambuyo pake sakudziwa.

Anabwerera ku ulimi wa chimanga ndi mtedza. Komabe mbiri inatsala yoti munthu akamagona masana apite naye kwa a Mulimbika. Ankabwera nawo pakhomo, ena kuchokera kutali. Iwo ankanena kuti si dokotala. Ankafunsa mafunso ochepa, za chotupa ndi za kumene wodwalayo amalima kapena kutema nkhuni, kenaka ankalemba kapepala kopempha kuti chipatala chiyang'anenso kaodzera m'magazi, osati malungo okha. Amene analibe choyendera ankawabwereka njinga.

Mu Okutobala 1999 bambo wina wa kutsidya kwa msewu anabwera ndi mkazi wake, woonda, wosatha kukhala tsonga. Anali atamva nkhani ya a Bornwell ndipo ankayembekezera kuti ndi zomwezo. A Bornwell anafunsa mafunso awo n'kuona kuti mayankho sakugwirizana, koma analembabe kapepala, n'kumanga pilo pa kaliyala ya njinga. A Edness anawapatsa botolo la munkoyo la panjira. Patapita masiku asanu ndi anayi bamboyo anabweza njinga ali yekha. Anati magazi anayang'anidwa kawiri ndipo kaodzera sanapezeke, anali matenda enawo, ndipo mkazi wake wagonekedwa. Anapepesa kuti sipoko ziwiri zathyoka panjira. A Bornwell anati zilibe kanthu, anamupatsa mpando, ndipo anakhala naye pakhonde mpaka dzuwa litapepa, bamboyo n'kunyamuka wapansi kubwerera kwawo.